Mayi Tiyesenso ndi Mwana wa Telala

Kumapeto kwa sukulu ina ya pulayimale, kuseri kwa kalasi yoyamba, kunali kachipinda komwe kale ankaunjikamo madesiki othyoka. Madesikiwo sanachoke onse ayi. Ena anangokankhidwira kukhoma, ndipo pamwamba pake ndi pomwe Mayi Tiyesenso ankasanjapo chuma chawo: zitini zodzaza ndi zitsekerero za mabotolo, zilembo zodula ku makatoni, timiyala, ndi thireyi yakale ya mchenga. Mlendo akasuzumira ankayesa kuti wasochera kwa wogula zinthu zakutha. Koma imeneyi inali kalasi, ndipo mwini wake ankainyadira kuposa momwe aphunzitsi aakulu ankanyadira ofesi yawo ya makatani.

Dzina loti Tiyesenso anawapatsa ndi ana. Mwana akalakwa, iwo sankakwiya, sankalozanso mnzake kuti ayankhe m'malo mwake. Ankangoti, "Tiyesenso." Akalakwanso, "Tiyesenso." Mwanayo ankatopa yekha kulakwa. Dzinalo linawakakamira mpaka kunyumba, moti chakudya chikachuluka mchere amuna awo ankameza mwaulemu n'kunena kuti, "Palibe kanthu mayi, mawa tiyesenso."

Ntchito yawo inali yotola ana otsalira m'mbuyo. M'mawa uliwonse anawo ankatuluka m'makalasi mwawo, kukhala kanthawi m'kachipinda kaja, kenako n'kubwerera kwa anzawo. Panali wina wosamva bwino khutu limodzi, wina woti mpando unkamuyabwa, wina wolemba zilembo zoyang'ana kumbuyo. Ana ena a pa sukulupo ankatcha malowo kuti "kwa mbutuma", ndipo Mayi Tiyesenso akamva mawu amenewa nkhope inkasintha. Anali munthu wofatsa, koma osati pa nkhani imeneyo.

Chifukwa chake chinali kwawo komwe. Mchimwene wawo anabwereza kalasi yachiwiri mpaka ndevu zinatsala pang'ono kumera, kenako anangosiya yekha, ndipo palibe anamulondola. Lero ndi mmisiri womanga nyumba, khoma lake lowongoka bwino lomwe. Koma uthenga ukalowa pafoni amaupereka kwa yemwe wayandikira n'kumati, "Tandiwerengereni, magalasi ndaiwala." Chibadwire sanavalepo magalasi. Mayi Tiyesenso ataphunzitsa kalasi wamba kwa zaka zingapo, mwayi wa maphunziro othandizira ana otere utapezeka, anzawo ankakankhizana. Iwo anakweza mkono woyamba, ndipo sanadandaulepo.

Anali ndi kachitidwe kawokawo kopezera ana. Sankadikira zotsatira za mayeso. Ankalowa m'kalasi nthawi yowerenga, n'kukakhala kumbuyo pa desiki ya ana, mawondo ali m'mwamba. Inu mukudziwa momwe timawerengera m'makalasi odzaza: mphunzitsi awerenga mzere, kalasi yonse ibwereza mokuwa mpaka malata anjenjemera, ndipo odutsa panja amati pano ndiye pali sukulu. Mayi Tiyesenso phokosolo analibe nalo ntchito. Iwo ankayang'ana zala ndi maso a ana.

Umu ndi momwe anapezera Wailesi.

Wailesi anali mtsikana wa m'kalasi yachitatu, mwana wa telala wa pakhonde la sitolo kumsika. Anzake anamupatsa dzinali chifukwa akaima kuwerenga sankapuma kapena kupunthwa, mawu ankangotuluka ngati wowerenga nkhani pa wailesi. Tsiku limenelo anaimirira, buku m'manja, n'kuyamba. Kalasi yonse inali duu. Koma Mayi Tiyesenso anaona kuti chala cha mwanayo chafika pansi pa tsamba pomwe pakamwa pakadali pakati. Anaonanso kuti potsegula tsamba latsopano maso ake ankathamangira pa chithunzi, kenako n'kumayang'ana pawindo uku mawu akutuluka.

Atawauza aphunzitsi a kalasiyo kuti akufuna kumutenga mwanayo, bamboyo anaseka mpaka kugwira bolodi.

"Madamu, ameneyo ndiye ayi. Tengani ena onsewa, ndikuthandizani kunyamula. Koma Wailesi ndi amene ndimamuimiritsa kukabwera alendo."

"Ndibwerekeni kanthawi kochepa chabe, aphunzitsi. Ndikalakwitsa ndikubwezerani ndi chipepeso."

M'kachipinda muja anakhala awiriwiri. Mayi Tiyesenso analemba mawu oti galu pa mchenga, mawu omwe mwanayo anali atangowatchula kumene m'kalasi kangapo konse. Wailesi anayang'ana mchengawo, kenako anayang'ana aphunzitsi.

"Chithunzi chake chili kuti, madamu?"

"Palibe chithunzi."

"Ndiye muyambe inuyo, ine nditsatira."

"Lero uyamba ndiwe."

Misozi ya mwanayo inayamba kudontha pa mchenga pomwepo. Zinadziwika kuti buku lonse analisunga m'makutu, kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, koma chilembo ndi chimodzi chomwe sankachidziwa bwino. Ndipo iye mwini ankadziwa zimenezi, ankangokhala ndi mantha kuti tsiku lina wina adzamutsegulira buku lachilendo.

"Musawauze ababa," anatero akupukuta mphuno.

Mayi Tiyesenso anamumvera chisoni kwambiri, koma anasangalalanso, chifukwa anamupeza nthawi ikadalipo. Anamuuza kuti mutu wosunga buku lonse si wa mbutuma, ndipo kuti chomwe chatsala n'kudzutsa maso okha. Kubisira makolo kokha anakana. Anaitanitsa makolowo, ndipo kunabwera mayi ake, munthu wokonda mtendere, yemwe anamva zonse n'kuvomera. Koma uthenga ukadutsa pakamwa pa munthu wokonda mtendere umafika minga itathothoka. Telala kunyumba anangouzidwa kuti mwana azikaphunzira moonjezera, ndipo iye anayesa kuti ndi maphunziro a ana anzeru kwambiri. Anauza msika wonse.

Ntchito inayamba. Wailesi ankalemba zilembo pa mchenga ndi chala, kuzipapasa pa makatoni atatsinzina, kuzilumikiza ziwiriziwiri pa zitsekerero za mabotolo. Vuto linali mutu wake womwewo. Akangomva mndandanda kamodzi, mawa lake ankaunena wonse asanayang'ane n'komwe. Choncho Mayi Tiyesenso ankasokoneza zitsekererozo m'mawa uliwonse, kuti kuloweza kusamuthandize.

"Madamu, dzulo pambuyo pa *ma* panali *me*," ankadandaula mwanayo.

"Zasamuka usiku. Yang'ana amene walowa m'nyumbamo lero."

Masiku ena Wailesi ankakwiya, kukankha chitini, zitsekerero n'kumwazika mpaka pansi pa madesiki othyoka. Mayi Tiyesenso ankamusiya atole yekha, kenako n'kunena mawu awo aja. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha ndiye anali nako kokwanira sukulu yonse. Teremu isanathe, mwanayo anayamba kulumikiza mawu yekha. Ankawerenga mochedwa, modukizaduka, thukuta lili pamphuno, koma ankawerenga.

Apa ndi pomwe zinavuta. Popeza tsopano maso ake ankaima pa mawu alionse, m'kalasi anayamba kutsalira pomwe anzake akukuwa. Kukabwera alendo, aphunzitsi a kalasi yachitatu anayamba kuimiritsa wina. Kumsika nakonso telala anali ndi chizolowezi choitana mwana wake kuti awerengere makasitomala odikira zovala. Tsiku lina anamuitana monga mwa nthawi zonse, ndipo Wailesi, m'malo moyang'ana m'mwamba n'kutsegula pakamwa, anaika chala pa mzere woyamba n'kuyamba kudodoma. Mayi wina wodikira siketi anafunsa ngati mwanayo wadwala. Kamnyamata ka pafupi kanamaliza nkhani yonse: "Amaphunzira kwa mbutuma ameneyu."

Mawa lake telala anafika pa sukulu tepi yoyezera ikadali m'khosi. Sanapite ku kachipinda kaja, analunjika ku ofesi ya makatani. Aphunzitsi aakulu atamumvetsera, anaitana Mayi Tiyesenso iye atapita kale.

"Madamu, kholo lakana. Akuti kuyambira Lolemba mwana wawo asadzapondenso kwanu. Ine sindingakakamize kholo."

"Mwanayo akabwerera pano, abwerera kukaloweza. Chaka chamawa mabuku achuluka, mutu sudzakwanitsanso, ndipo adzasiya sukulu akudziyesa chitsiru."

"Ndikumva. Koma wosintha maganizo ndi bambo ake, osati ine."

"Chabwino. Ndikaonana nawo."

Anatuluka osatekeseka. Ankadziwa chomwe anaona pa mchenga paja, ndipo ankadziwa kuti telalayo si munthu woipa, ndi kholo lochita manyazi basi. Loweruka masana anatenga bulauzi yawo yomwe inang'ambika m'khwapa n'kuikulunga m'pepala. Amuna awo anawayang'ana chammbali.

"Bulauzi imeneyo yakhala chaka chonse m'sutikesi. Yakumbukiridwa bwanji lero?"

"Ikupita kukagwira ntchito ya sukulu."

Malo a telala anali pakhonde, pakati pa wokonza mafoni ndi wogulitsa mapulasitiki. Makina ake anali opalasa ndi phazi, akale koma opukutidwa bwino. Pachingwe panapachikika mayunifolomu osamaliza, ndipo pansi panali tizidutswa ta nsalu ta mitundumitundu. Wailesi anali pa benchi akusankha mabatani m'chitini. Ataona aphunzitsi ake anaimirira, maso ali pansi.

"Tapita ukaike makala mu simbi yositira," anatero telala, ndipo mwanayo anazungulira kuseri.

Analonjerana mwaulemu wouma. Telala anatambasula bulauzi ija, kuyang'ana pong'ambikapo, n'kuiika pambali.

"Aphunzitsi, tisazungulire. Bulauziyi ndisoka. Koma nkhani ya mwana yatha. Ndinakupatsani mwana wothamanga, mwandibwezera wotsimphina."

"Mwanena zoona, bambo. Panopa akutsimphina."

Telala anayembekezera mkangano, ndiye kuvomera kumeneku kunamusowetsa pogwira. Anakonza tepi m'khosi.

"Ndiye mukuvomera kuti mwamuononga?"

"Ndikufunseni kaye za ntchito yanu. Munthu akakubweretserani diresi looneka bwino kunja, koma losokedwa mokhota m'kati, mumatani?"

"Ndimamasula ulusi wonse. Palibe kuchitira mwina."

"Mwini wake akatulukira tsiku lomwelo, n'kupeza diresi lake lili zidutswazidutswa pa tebulo?"

Telala anatulutsa kamphepo m'mphuno, kuseka kosafuna. "Amalalata. Amati ndaononga."

"Inunso mwanditulukira tsiku lomasula ulusi."

Kenako anamufotokozera zonse, osachotsa minga. Anamuuza za chala chofika pansi pa tsamba mawu asanafike, za mawu oti galu pa mchenga, ndi za misozi ija. Anamuuza kuti mwana wake ali ndi mutu wosapezekapezeka, wosunga buku lonse atangolimva, koma kuti maso anali asanayambe ntchito. Anamufunsa ngati pa nthawi yonseyi Wailesi anawerengapo china chilichonse kupatula buku la kusukulu lija, kaya chikwangwani cha sitolo, kaya pepala lokulungira sopo.

Telala anatembenuza mutu. Anayang'ana chikwangwani cha wokonza mafoni, chomwe mwana wake ankadutsa pansi pake tsiku lililonse. Atayankhula, mawu anali atatsika.

"Mukutanthauza kuti ine ndakhala ndikuimika mwana pamaso pa anthu kuti aziwanamiza?"

"Sananamize munthu. Anachita zomwe tonsefe tinkamuombera m'manja, ife kusukulu, inu kuno. Mwana amapita komwe akumuombera m'manja."

"Nanga ine ndidziwa bwanji kuti kudodomaku ndiye kuwerenga? Mwina mukungodziikira kumbuyo."

Funso limeneli Mayi Tiyesenso ankalidikira. Analoza choko chophwatalala cholembera nsalu chomwe chinali pa makina.

"Tengani chokocho. Lembani chilichonse chomwe mukufuna pa kansalu kakuda ako, chomwe sichili m'buku lililonse, chomwe ine sindinamuuzepo. Ine ndiyang'ana kumbali. Akalephera, Lolemba musamutumize, ndipo sindidzakuvutitsaninso."

Ananena motsimikiza. Ankamudziwa mwanayo, ankadziwanso kuti mantha amatha kufufuta zomwe munthu waphunzira teremu yonse. Anatembenukira kwa wogulitsa mapulasitiki n'kumayang'ana mabeseni ngati akufuna kugula.

Telala anaganiza kanthawi, akuzunguza choko m'zala. Kenako anayala kansalu pa tebulo la makina n'kulemba mosamala, zilembo zikuluzikulu, lilime lili pakona ya mlomo. Wailesi anatulukira atanyamula simbi ikufuka utsi.

"Ika pansi. Bwera kuno. Tawerenga apa."

Mwanayo anayang'ana bambo ake, kenako aphunzitsi. Mayi Tiyesenso anangopinda manja, osamwetulira, osagwedeza mutu. Wailesi anapukuta zala pa diresi lake n'kuika chala chimodzi pansi pa chilembo choyamba.

"Ba... ta... ni. Batani."

Wokonza mafoni anatsitsa nyimbo zake. Mayi wina yemwe anabwera kudzatenga yunifolomu anaima pomwe anali.

"La... ko. Lako. La..."

Pamenepo anakakamira. Zilembo zitatu zomalizazo zinali zophatikizana, za mtundu womwe anangouyamba kumene sabata yomweyo. "La... ga. Ayi. La... wa." Thukuta linatuluka pamphuno. Phazi la telala linkanjenjemera pa chopalasira mpaka singano inatsika yokha n'kukwera. Mayi Tiyesenso analuma mlomo kuti mawu asawapulumuke.

"La... gwa. Lagwa."

Chala chikadali pa nsalu, Wailesi anabwereza mawu onse atatu chamumtima. Kenako dzanja lake linathamangira pachifuwa. Anapapasa mabatani a diresi lake kuyambira m'khosi mpaka m'chiuno, anatembenuza mutu kuyang'ana kumsana, ndipo mosafunsa munthu anagwada n'kulowa pansi pa makina, akusanthula tizidutswa ta nsalu tija.

Telala anamuyang'ana ali pansipo. Mwana ameneyu anamuwerengera masamba ambirimbiri pakhonde pomwepa, nkhani za agalu, za mvula, za ana opita kumsika, ndipo sanasekepo kapena kudabwapo ndi zomwe zinkatuluka pakamwa pake. Lero mawu atatu olembedwa ndi choko amugwaditsa pansi.

"Tuluka, mwanawe," anatero. "Palibe batani lagwa."

Wailesi anatulutsa mutu pansi pa makina, ulusi uli m'tsitsi, nkhope itakwinyika.

"Nanga mwalemberanji zabodza, ababa?"

Wokonza mafoni anaphulika kuseka, mayi wa yunifolomu nayenso. Telala anaseka nawo, koma anatenga kansalu kena n'kumapukuta m'maso ngati mwalowa utsi wa simbi. Mayi Tiyesenso anamva chimwemwe chachikulu, ndipo sanachibise.

"Bambo, yunifolomu yanga ija," anakumbutsa mayi uja.

"Pepani mayi, mubwere mawa. Lero ndatanganidwa."

Anafufuta nsalu ija ndi chikhatho n'kulembanso, ulendo uno mzere wautali. Wailesi anakhala pa benchi, chala n'kuika pa chilembo choyamba. Mawu awiri oyamba anadutsa bwino. Pa achitatu anapunthwa, ndipo chizolowezi chakale chinamubwerera: anadzutsa maso m'mwamba n'kutchula mawu ongoganizira. Mayi Tiyesenso anatsegula pakamwa, koma telala anawatsogolera.

"Ayi, usathamange. Yang'ana pansi. Tiyesenso."

Mayi Tiyesenso anatola chikwama chawo mwakachetechete. Bulauzi ija inali pomwe telala anaiika, pong'ambika pakadali pong'ambika, ndipo zinkaoneka kuti lero siisokedwa. Atatsika pakhonde, telala anawaitana osadzutsa mutu pa nsalu.

"Aphunzitsi, Lolemba azifika nthawi yanji kwanuko?"